Mtengo wa Ulere

Liwu lakuti ulere lili ndi mbiri yakeyake pakati pa ife zidzukulu za machona a m'migodi ya chigawo cha Midlands ku Zimbabwe. Kwa Mmalawi wa kumudzi, chaulere ndi chinthu cholandira osalipira, basi. Kwa makolo athu, Ulere lidali dzina la galimoto. M'zaka za m'ma 1930, boma la atsamunda la Southern Rhodesia lidakhazikitsa malole onyamula amuna ochokera ku Nyasaland ndi maiko oyandikana nawo, kupita nawo ku minda ya fodya ndi ku migodi osawalipiritsa ngakhale kobiri. M'njira mudali zigono zomwe apaulendowo ankapezapo pogona ndi chakudya, nazonso zosalipira. Anthu adawatcha malolewo Ulere, ndipo dzinalo lidakhazikika mpaka kulowa m'makalata a boma. Chidautsa chifundo chotere ndi mpikisano. Eni minda ndi migodi a kuno ankalipira ndalama zochepa poyerekeza ndi migodi ya golide ya ku Johannesburg, tsono njira yokolera amuna asadawoloke mtsinje wa Limpopo idali kuwatsekemeretsera chiyambi cha ulendo.

Agogo anga aamuna adakwera imodzi mwa malole amenewa kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1940. Adachoka kwawo ku Dedza msonkho utawakhala pakhosi, nayenda wapansi kudutsa m'dziko la Apwitikizi, kuwoloka Zambezi pa Tete, mpaka pomwe lole idawatola kulowera ku Mtoko. Njira imeneyo idali itapondedwa kale, pakuti komiti yomwe boma la Nyasaland lidakhazikitsa mu 1935 idapeza kuti amuna pafupifupi 120,000 adali kunja kwa dzikolo kusaka ntchito. Atazungulira m'minda ingapo ya fodya, agogo adadzafika ku Lalapanzi, ndipo kuno n'kumene ali chigonere. Akakhala pakhonde madzulo, chifuwa chikulira ngati mvukuto, ankakonda kutiuza adzukulufe kuti, "Galimoto ija sadatifunse ndalama pokwera. Adadzatifunsa titatsika, ndipo ine ndidalipira zaka 30."

Lalapanzi ndi kamzinda kakang'ono pakati pa Gweru ndi Mvuma, kokhala pamsana pa Great Dyke, mtandadza wa zitunda wotalika makilomita oposa 500 womwe udadula dziko la Zimbabwe pakati. Akuluakulu amati dzinali lidachokera ku mawu a Chindebele otanthauza kugona pansi, poti ng'ombe zokoka ngolo zinkatitimira m'dambo la pamenepa mpaka kugona m'matope. Dzinalo lidadzayeneranso anthu. Mwala wa chrome wa m'zitunda zino umayenda m'mizere yopyapyala, kotero kuti wokumba ankalowa chokwawa ndi kugwira ntchito atagona chammbali, nyundo m'manja, denga la thanthwe likumukhudza phewa. Akatuluka ankabwerera ku komboni, komwe pafupifupi chilichonse chinkatchedwa chaulere. Nyumba idali yaulere, phoso la ufa, nyemba ndi nyama lidali laulere, madzi a pampopi ndi mankhwala a kuchipatala chimodzimodzi. Koma zonsezo zidamangidwa ndi chingwe chimodzi ku tikiti ya ntchito. Tsiku lomwe chifuwa chagonjetsa mwamuna, kapena wayankha kapitawo mokweza mawu, nyumba, phoso ndi mpopi zinkathera limodzi. Ine ndidakula ndikuona amayi amasiye atakhalira mitolo ya katundu wawo pabwalo lomwe adalisesa m'mawa uliwonse kwa zaka 20.

Ndakumbutsa zakalezi chifukwa nyengo ya zisankho ikafika, ku Zimbabwe kuno ngakhale ku Malawi kwa makolo, liwu lomwe lija limabweranso litakwera galimoto za zimkuzamawu: feteleza waulere, mbewu yaulere, sukulu yaulere, nyumba, ntchito, kufafaniza ngongole. Pali mwambi womwe Achewa adaupeka atamva nkhani ya m'Baibulo, wakuti lonjezo lidadulitsa mutu wa Yohane. Kawirikawiri timaunena pochenjeza munthu wolonjeza mopupuluma. Chomwe chimandigwira mtima ine m'nkhaniyo n'chakuti Yohane paphwandopo padalibe. Wolonjeza adali Herode, wolonjezedwa adali mtsikana wovina, owomba m'manja adali alendo oitanidwa, koma mutu womwe udalowa m'mbale udali wa munthu wa m'ndende, amene sankadziwa n'komwe kuti kunja kuli phwando. Lonjezo lililonse la zaulere lili ndi mindandanda iwiri. Woyamba ndi wa olandira, ndipo umawerengedwa mokweza pabwalo ng'oma zikulira. Wachiwiri ndi wa olipira, ndipo palibe amauwerenga. Ife a m'komboni mndandanda wachiwiriwu timaudziwa bwino, chifukwa kwa zaka zambiri maina athu ankapezeka m'menemo mokha.

Sindingalankhule ngati munthu amene sadalawepo chipatso cha lonjezo la ndale. Ufulu utabwera mu 1980, boma latsopano la Robert Mugabe lidachotsa fizi m'sukulu za pulayimale, ndipo chiwerengero cha ana a sukulu chidakwera kuchoka pa 820,000 mu 1979 kufika pa oposa 2.2 miliyoni mu 1985. Mmodzi mwa anawo ndidali ine. Tinkaphunzira mosinthana, ena m'mawa ena masana, buku limodzi ana atatu, koma tidaphunzira. Chomwe sindiiwala n'chakuti pakhomo la sukulu padalibe mndandanda. Aphunzitsi aakulu sadawafunse mayi anga khadi la chipani kapena dzina la mfumu ya kwawo. Adangondiuza kuti ndidutsitse dzanja pamutu ndi kugwira khutu la mbali inayo, ndipo nditaligwira adandilemba. Mtengo wa lonjezo limenelo udaikidwa poyera mu bajeti ya dziko, kotero wokhoma msonkho aliyense ankadziwa komwe ndalama yake ikupita. Ngakhale zidali choncho, thumba lidadzaperewera, ndipo ndondomeko ya zachuma ya ESAP ya 1991 idabwezeretsa fizi m'sukulu za m'matauni ndi malipiro m'zipatala, pa nthawi yomwe migodi ndi mafakitale ankachotsa anthu ntchito.

Zinthu zidatitembenukira mu 2000. Boma lidagonja pa referendamu ya mu Febuluwale, ndipo pa chisankho cha mu Juni chipani chatsopano cha MDC chidapeza mipando 57 mwa mipando 120 yopikisanirana. Olamula adakhulupirira kuti antchito a m'mafamu, a m'migodi ndi a m'makomboni a m'tauni, omwe ambiri makolo awo adachokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, ndiwo adakankhira otsutsa patsogolo. M'masiku amenewo Mugabe adanyoza anthu a ku Mbare mu Harare kuti ndi opanda mutupo, ndiye kuti opanda mfunda, mawu omwe adatilasa ife a Phiri, a Banda, a Mwale ndi a Nkhoma, amene mfunda wathu timautchula pamalonje ndi pamaliro paliponse. Mu 2001 lamulo la unzika lidasinthidwa. Aliyense woganiziridwa kuti angathe kukhala nzika ya dziko lina adalamulidwa kukana unzika umenewo motsata malamulo a dzikolo isadathe miyezi 6, kupanda kutero wataya unzika wa Zimbabwe. Bambo anga, amene mchombo wawo udagwera m'komboni ya Lalapanzi ndipo za Malawi ankangozimva m'nthano za agogo, adafunika kukakana dziko lomwe sadalipondepo. Pofika chisankho cha pulezidenti cha mu Malichi 2002, pachitupa chawo padali liwu lachingerezi lakuti alien, ndipo m'kaundula wa ovota dzina lawo mudalibe.

Munthu wopanda voti amaonera nyengo ya kampeni ali kuseri kwa mpanda. Malole a chimanga ndi feteleza ankadutsa pa msewu wa ku Mvuma kulowera kumidzi ndi ku minda yogawidwa kumene. Kumeneko maina amalemba ndi sabhuku, amene ndi nyakwawa ya Ashona, mothandizana ndi khansala ndi akuluakulu a chipani. Komboni ilibe sabhuku, ndipo mtchona alibe musha, mudzi wa makolo womwe Mshona amathawirako zinthu zikathina m'tauni. Minda itayamba kugawidwa mu 2000, antchito a m'mafamu amene adapatsidwako malo adali ochepa kwambiri, chikhalirecho ndiwo ankadziwa pomwe nthaka ya mafamuwo imalola fodya ndi pomwe imakana. Kusukulu anzathu ankatitcha mabhurandaya, kupotoza dzina la Blantyre, ndipo ife tinkangoseka nawo. Nthawi yogawa zinthu ikafika, dzina lachipongwelo linkasanduka chigamulo. Mayi anga ankangoti, "Mwanawe, za eni n'za eni. Ife tiyeni tikathirire dimba lathu."

Chaka chomwe chidatiphunzitsa kuti wosalandira nayenso amalipira ndi 2008. Kuyambira mu 2007, banki yaikulu ya dziko, pansi pa Gideon Gono, idayamba kugula mathirakitala, makina okololera, mapulawo ndi ngolo zokokedwa ndi ng'ombe, n'kumazigawa kwa alimi. Gawo lina la kugawaku lidachitika mu Malichi 2008, kutatsala masabata ochepa kuti anthu avote pa 29 mwezi womwewo, ndipo m'masiku omwewo madokotala a m'zipatala za boma adalandira galimoto. Ndalama zogulira zonsezi zinkachokera ku ngongole ndi ku makina osindikizira ndalama. Pofika Julayi, ziwerengero za boma lenilenilo zidasonyeza kuti mitengo ya zinthu ikukwera ndi 231 miliyoni peresenti pachaka, ndipo mu Januwale 2009 kudatuluka pepala limodzi la ndalama la madola 100 thiriliyoni. Zifukwa za tsokali zidali zambiri, koma kusindikiza ndalama zolipirira zinthu zomwe boma lidalibe mphamvu yogula kudali m'gulu la zikuluzikulu. Bambo anga adali atadulidwa ndalama ya penshoni mwezi ndi mwezi kwa zaka 31. Tsiku lina adapita ku Gweru kukatapa ya mweziwo, adagona pamzere, ndipo atafika pazenera zomwe adapatsidwa sizidakwanire basi yobwerera. Adabwera pa lole ya miyala, atayera mbuu ndi fumbi. Adakhala pansi osavula chipewa, nati kwa mayi, "Anaphiri, mathirakitala aja tagula ndife."

Mawu awo adadzalembedwa m'malamulo patapita zaka 7. Mu 2015 Nyumba ya Malamulo idavomereza kuti boma lisenze ngongole ya banki yaikuluyo, yokwana US$1.35 biliyoni, ndipo mkati mwake mudali pafupifupi US$200 miliyoni za zipangizo za ulimi zija. Aphungu otsutsa adapempha kuti maina a olandira atchulidwe kuti aliyense abweze zake, koma pempho lawo lidakanidwa. Mainawo adadzaululika mu 2020 pamene katswiri wa malamulo, malemu Alex Magaisa, adawasindikiza, ndipo mudapezeka nduna, aphungu, oweruza milandu ndi akuluakulu a asilikali. Gono adayankha kuti zipangizozo sizidali ngongole. Ngati sizidali ngongole kwa olandirawo, ndiye kuti zidasanduka ngongole kwa ife tonse, kuphatikizapo mayi wogulitsa tomato m'mbali mwa msewu ku Lalapanzi, amene chibadwire sadagwirepo chiwongolero cha thirakitala. Zidaonekeranso poyera kuti mndandanda wa olandira uja uli ndi masamba awiri. Lakutsogolo ndi la anthu wamba olandira pulawo ndi thumba la mbewu pamaso pa makamera, ndipo lakumbuyo ndi la akuluakulu olandira makina okololera mwakachetechete.

Unzika wathu udabwerera mu 2013, pamene malamulo atsopano oyendetsera dziko, m'gawo 43, adati munthu wobadwira mu Zimbabwe kwa kholo lochokera m'dziko la SADC, amene akukhala mom'muno, ndi nzika mwa kubadwa. Ambiri sadathe kusintha zitupa chisankho cha pa 31 Julayi chisadafike, ndipo padafunika chigamulo cha bwalo lalikulu la milandu mu Novembala 2017 kuti a zitupa zakale aloledwe kulembetsa m'kaundula. Komabe chisankho cha 2013 chidali ndi mphatso yomwe idafika ngakhale kwa opanda voti. Kutatsala pafupifupi sabata imodzi, nduna ya maboma ang'ono, Ignatius Chombo, idalamula makhonsolo onse kufafaniza ngongole za madzi ndi misonkho ya nyumba zomwe anthu adali nazo kuyambira Febuluwale 2009 mpaka Juni 2013. Achemwali anga, amene adakwatiwa m'tauni ina ya m'chigawo chino, adali atalipira mabilu awo onse, miyezi ina pochita kugulitsa nkhuku, ndipo malisiti adawasunga m'chitini cha mabisiketi. Woyandikana nawo nyumba adatha zaka 4 osalipirapo. M'mawa mwa chilengezocho onse awiri adadzuka opanda ngongole. Chiyambire pamenepo achemwali amalipira akafuna, ndipo ambiri mumsewu mwawo amadikira kuti chisankho china chidzawakhululukire. Madzi amatuluka kawiri pa sabata, pakati pa usiku. Ndidyeretu chire adasowa mbewu. Mbewu yomwe idadyedwa chaka chimenecho ndi chizolowezi cha anthu chosonkhera zinthu za onse, ndipo imeneyo sigulitsidwa pamsika.

Malonjezo ena sadafike n'komwe pogawa. Mfundo za ZANU-PF za 2013 zidalonjeza ntchito 2.2 miliyoni. Chaka chomwecho kampani ya Zimbabwe Alloys idaikidwa m'manja mwa woyang'anira wosankhidwa ndi khoti chifukwa cha ngongole, ndipo mu 2016 Zimasco idatsatira, pomwe makampani awiriwa ndiwo adali mizati ya malonda a chrome m'dera lino. Anyamata athu ambiri adatsikira m'maenje a anthu ena ndi fosholo ndi wilibala, n'kumagulitsa mwala pa mtengo wonena wogula, ndipo maenje osiyidwa osakwirira amadzaza madzi m'dzinja ndi kuopseza ana ndi ziweto. Mu 2018, pamene ambiri a ife tidabwerera pamzere wovota, chipani cholamula chidalonjeza nyumba 1.5 miliyoni m'zaka 5, ndipo Nelson Chamisa wa otsutsa adalonjeza sitima zothamanga ngati chipolopolo. Ife tidamva zimenezo tili pafupi ndi njanji yochokera ku Gweru kupita ku Masvingo, yomwe imatha masiku osamva kulira kwa sitima. Patangopita miyezi iwiri chisankho chitachitika, mu Okutobala, nduna ya zachuma Mthuli Ncube idakhazikitsa msonkho wa 2 peresenti pa ndalama zotumizirana pafoni ndi kubanki. Msonkho umenewo sudafunse munthu chitupa kuti uone ngati ndi nzika kapena mlendo.

Ana a machona timakula tikumva za Malawi ngati mudzi wa mtendere womwe tidzabwererako tsiku lina. Mafoni a m'manja adatilumikiza ndi abale omwe makalata adalephera kuwapeza, ndipo ine ndimacheza pa WhatsApp ndi msuweni wanga wa ku Dedza, mdzukulu wa mlongo wawo wa agogo. Nkhani zake zimandionetsa kuti nyimbo ndi yomweyi, zasiyana ndi ng'oma chabe. Mu 1994 Bakili Muluzi adalonjeza pulayimale yaulere ndipo adaichitadi. Ana adachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ambiri n'kumaphunzira pansi pa mitengo ndi aphunzitsi olembedwa mwachangu asadapite kukoleji. Mu 2005 Bingu wa Mutharika adabweretsa makuponi a feteleza, nkhokwe zidadzaza, ndipo mu 2009 adapambana ndi mavoti awiri mwa atatu alionse. Kuyambira pamenepo zipani za ku Malawi zimapikisana pa mtengo wa thumba. Mu 2020 mgwirizano wa Tonse wa Lazarus Chakwera ndi malemu Saulos Chilima udalonjeza thumba la feteleza pa K4,495, ntchito 1 miliyoni ndi kudya katatu patsiku. Chaka choyamba msuweni adanditumizira chithunzi ataima pakati pa matumba ake awiri, ndi mawu akuti, "Asuweni, ulendo uno tapulumuka." Pofika 2022 thumba lomwelo lidali pa K15,000. Olandira adatsika kuchoka pa oposa 3.5 miliyoni kufika pa 1.5 miliyoni mu 2023, ndipo dzina la msuweni lidagwera panjira. Mu Novembala chaka chomwecho kwacha idagwa ndi 44 peresenti, ndipo sipadapite nthawi yaitali thumba la m'sitolo lidadutsa K100,000.

Malawi ali ndi lamulo la zipani za ndale la 2018 loletsa kugawa ndalama ndi mphatso pokopa mavoti. Ndi lamulo labwino, kungoti limagwira dzanja logawa timapepala ta ndalama pamsonkhano, pakamwa polonjeza mabiliyoni a boma silipafikira. Mphatso ya m'thumba la wandale imathera pa golosale tsiku lomwelo, pomwe lonjezo la m'thumba la boma limalipiridwa zaka ndi zaka, ngakhale ndi ana amene pa tsiku lovota adali kumsana. Mu Seputembala 2025 Amalawi adachotsa Chakwera ndi kubwezera pampando Peter Mutharika, amene mwa zina adalonjeza sekondale yaulere. Ndi chinthu chonyaditsa kuti ovota amalanga wolonjeza wolephera, ndipo ife a kuno timawasirira. Chodandaulitsa n'chakuti chikwapu chomwe ali nacho m'manja ndi kusankha wolonjeza wina.

M'mabwalo a ophunzira ndimamva kawirikawiri kuti vuto ndi ovota eni ake, amene amagulitsa tsogolo lawo ndi thumba la ufa. Mawu amenewa amanenedwa ndi anthu okhuta. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mayi amene wamva malonjezo a misewu, zipatala ndi mafakitale kwa zaka 40 osaona ngakhale njerwa imodzi, akalandira mpunga wake ndi nsalu ya chipani, wawerengera bwino, chifukwa akudziwa kuti pa zonse zanenedwa pamsonkhanopo n'zokhazo zomwe adzafike nazo kunyumba. Kukananso kuli ndi mtengo wake. Mu 2016, m'chaka cha chilala, bungwe la boma loona za ufulu wa anthu ku Zimbabwe lidapeza kuti m'madera ena oganiziridwa kuti ndi otsutsa ankamanidwa chimanga cha chithandizo. Ndipo olandira zaulere zikuluzikulu sakhala m'komboni. Kumapeto kwa 2022, chisankho cha Ogasiti 2023 chikuyandikira, phungu aliyense adapatsidwa mwayi wa ngongole ya nyumba ya US$40,000, nduna US$500,000, ndipo aphungu ambiri otsutsa nawonso adatambasula manja. Woseka gogo wovinira nsalu ayambe wawerenga ziwerengero zimenezi.

Boma lili ndi udindo wothandiza osauka, ndipo ine amene ndidapulumukira pa sukulu yosalipira sindingatsutse zimenezo. Nkhani ili pa njira yomwe thandizolo limadzera. Chinthu chomuyenera munthu chimalembedwa m'lamulo, chimabwera kaya kuli chisankho kaya kulibe, mtengo wake umadziwika, ndipo womanidwa amakhala ndi kokadandaula. Mphatso ili ndi mwini wake, imabwera m'nyengo yake, ndipo imafuna kuthokozedwa. Ku Zimbabwe ndondomeko yogawa mbewu ndi feteleza imatchedwa ya Pulezidenti, ngakhale kuti ndalama zake ndi za misonkho ya tonse. Tamverani mawu omwe timalankhula tikalandira: atipatsa, atikumbukira, atiponyerako. Amenewa ndi mawu a mlendo. Ife amene tidalembedwa alendo pa zitupa timawadziwa bwino makhalidwe ake. Mlendo amalandira ndi manja awiri, amathokoza ngakhale ndiwo zachepa, ndipo safunsa kuti m'nkhokwe mwatsala chimanga chochuluka bwanji. Wofunsa zimenezo ndi mwini mudzi. Chachikulu kwambiri chomwe dziko lino lidatichitira sichidadye ndalama zambiri, idali ndime imodzi ya m'gawo 43. Ndale za zaulere zimachita zotsutsana ndi ndime imeneyo. Zimatenga nzika zonse, Mshona, Mndebele ndi Mchewa yemwe, n'kuzikhazika pamphasa ya mlendo.

M'komboni mwathu muli bungwe limodzi lomwe laona makampani akutseka, ndalama zikufa ndi zipani zikusweka, ilo lili chiimire. Ndi sosaiti ya maliro yomwe agogo ndi anzawo adayambitsa poopa kuikidwa ngati osowa abale kutali ndi kwawo. Imakumana Lamlungu loyamba la mwezi pansi pa mtengo, ndipo msungichuma amawerenga mokweza masamba onse awiri a buku, la zolowa ndi la zotuluka, dzina ndi dzina. Ndalama itafa mu 2008, mamembala ankasonkha matabwa, misomali ndi mbale za ufa. Atsogoleri ake amasankhidwa poimika manja, ndipo nakonso kumakhala kampeni. Chaka china munthu wofuna mpando adalonjeza bokosi lopaka polishi ndi basi yonyamula anamfedwa pa maliro alionse, popanda kukweza chopereka cha pamwezi. Anthu adawomba m'manja. Kenaka gogo wina amene sadapondepo m'kalasi adakweza ndodo yake nati, "Zikomo achimwene, zakoma ndithu. Nanga ndalama yake ichokera m'thumba la yani?" Mwini lonjezo adayang'ana pansi, ndipo manja omuimikira adali atatu okha.

Funso la gogoyo silifuna digiri. Anthu omwewa amene amalifunsa pa nkhani ya bokosi ndi omwe amakhala chete pabwalo la msonkhano wa ndale, chifukwa thumba la sosaiti amaliona kuti ndi lawo, pomwe thumba la boma adaphunzitsidwa kuti lili ndi eni ake. Ntchito yomwe yatitsalira, ife aphunzitsi, olemba ndi ophunzira, ndi kusendeza thumba la bomalo kufika nalo pansi pa mtengo, kuti masamba ake onse awiri aziwerengedwa mokweza m'chilankhulo chomwe gogo amamva.

Bambo anga adamwalira mu 2012, kutatsala chaka chimodzi kuti unzika wawo ubwerere, liwu lija likadali pachitupa. Adaikidwa ndi sosaiti, m'bokosi la matabwa a paini, pafupi ndi manda a agogo. Pamwambo wonsewo tidathokoza adzukulu okumba manda, amayi ophika ndi alendo ochokera kutali. Msungichuma sadathokozedwe chifukwa cha bokosi, ndipo iyenso sadayembekezere zimenezo. Aliyense pamalirowo ankadziwa kuti bokosilo ndi la bambo, adaligula okha, mwezi ndi mwezi, ndipo zidalembedwa m'buku.